Magetsi a m'matope: kupanga batire ya tizilombo ndi makande a kudambo

Ndikugwetseni mphwayi poyambirira pomwe kuti tisadzakangane pambuyo pake. Chimene tipange panochi sichidzatchaja foni, sichidzayatsa babu la pabalaza, ndipo tsiku limene magetsi adzathime kwanu ku Kawale kapena ku Area 25 mudzafunabe kandulo. Koma ngati muli ndi ana a Fomu 3 amene amaloweza za anode ndi cathode osaziona ndi maso, kapena ndinu munthu amene simupeza tulo mukamva kuti matope angatulutse magetsi, ntchitoyi ndi yanu. Zipangizo zake zambiri ndi zotola. Akatswiri amachitcha microbial fuel cell. Ine ndizingoti batire ya matope.

Nkhaniyi si ya dzulo. M'chaka cha 1911 katswiri wa zomera wa ku Durham ku England, M.C. Potter, anaonetsa kuti yisiti ndi mabakiteriya zikamadya zimatha kutulutsa magetsi ochepa. Kwa zaka zambiri anthu sanazilabadire kwenikweni. Zinadzatentha pamene katswiri wa tizilombo Derek Lovley anapeza kachilombo kotchedwa Geobacter m'matope a mtsinje wa Potomac ku America mu 1987, ndipo chaka chotsatira kena, Shewanella, kanapezeka m'nyanja ya Oneida ku New York. Abale a tizilombo timeneti ali m'matope a Lingadzi ndi m'madambo onse ozungulira mzinda uno. Simufunika kuitanitsa kanthu kunja.

Musanagwire khasu, mvetsani chimene tizilombo tikufuna

Chamoyo chilichonse chikadya chimachotsa ma elekitironi, tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, m'chakudyacho, ndipo chiyenera kupeza kowatula. Mphamvu yokhalira moyo imachokera pa ulendo umenewu, kuchoka m'chakudya kukafika kwa wowalandira. Ife anthu timawatula kwa okosijeni, n'chifukwa chake timapuma. Chinthu cholandira ma elekitironi chotere mabuku amachitcha electron acceptor, koma pano tiziti wolandira.

Pansi pa matope okosijeni safikako. Amathera pamwamba penipeni, m'kachikhungu kopyapyala. Tizilombo ta m'munsi timakakamizika kufuna olandira ena, ndipo timawasankha motsata amene akulipira bwino, monga mlimi wa soya amachitira ndi mavenda. Okosijeni ndiye ali pamwamba pa onse, pa +0.82 V m'madzi opanda asidi (V ndi ma volt, ndipo nambala ikakhala yokwera ndiye kuti wolandirayo amalipira bwino). Akasowa timapita kwa nitrate, amene akusanduka mpweya wa naitrojeni amakhala cha pa +0.74 V. Kenako manganese, kenako dzimbiri la chitsulo la m'dothi. Zonsezi zikatha timagwera kwa sulphate, pa −0.22 V, ndipo potsiriza carbon dioxide, pa −0.24 V, kumene kumatuluka mpweya woyaka uja wa biogas. Chakudya chimene Geobacter amachikonda ndi acetate, asidi wa mu vinega, ndipo chili cha pa −0.3 V. Mukawerenga kuchoka pamenepo kufika kwa okosijeni mupeza 1.1 V. Amenewo ndiwo malire a batire imodzi ya matope papepala. M'chigubu chenicheni mukaona 0.5 V mpaka 0.8 V popanda chimene mwalumikizapo, zayenda.

Mndandandawu mukhoza kuuona ndi maso m'dambo. Dothi la kumtunda kuno ndi katondo wofiira chifukwa cha dzimbiri la chitsulo. Kutsikira kudambo limasanduka lotuwa, popeza tizilombo tatulira ma elekitironi pa dzimbirilo mpaka kufiira kwatha. Pamene matope ada bii n'kumanunkha ngati dzira lovunda, dziwani kuti tafika pa sulphate.

Tsono Geobacter ali ndi luso limene anzake ambiri alibe. Dzimbiri ndi chinthu cholimba, sangalimeze, ndiye amatulutsa ma elekitironi kunja kwa thupi lake n'kuwasiya pa chinthu chimene wachikhudza. Mukamuikira chidutswa cha kaboni m'matope amachitenga ngati dzimbiri, amamangapo mudzi, n'kumatulira pamenepo. Inu mumangomangirira waya pa kaboniyo n'kuukweza pamwamba pamene pali okosijeni. Ntchito yonse ndi imeneyi basi: kuchotsa olandira onse pafupi ndi tizilombo, n'kuika wolipira bwino kumapeto kwa waya. Mlimi akapeza venda pakhomo sakwera njinga kupita kumsika. Batire yanu ikadzakana kugwira ntchito, funso loyamba lidzakhala lakuti ndi venda uti wafika pakhomo.

Kutolera zipangizo

Mufunika botolo la pulasitiki la malita 2 lodula kukamwa, kapena chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5 chotsukidwa bwino. Waya wokutidwa wamitundu iwiri, wofiira ndi wakuda. Guluu wosalowa madzi, makamaka wa epoxy wosakaniza machubu awiri uja. Multimeter, mita yoyezera magetsi, ngakhale yachikasu yotchipa imene okonza mawailesi amagwiritsa ntchito. Resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa, ya ma ohm 1,000, yomwe mizere yake ndi bulauni, wakuda ndi wofiira, ndipo mukhoza kuichotsa m'wailesi yakufa. Zotsalazo ndi mabatire a tochi otha, makala, kathumba kaukonde kogulitsiramo anyezi, ndi magolovesi.

Kaboni timupeza m'mabatire aakulu a tochi. Yang'anani zolembedwa pambali. Ngati palembedwa R20, m'kati mwake muli ndodo ya kaboni ndipo ndi imene tikufuna. Ngati palembedwa LR20 kapena mawu akuti alkaline, isiyeni, mulibe ndodo ndipo madzi ake amawotcha khungu. Batire ya foni, ya laputopu kapena iliyonse ya lithium musaiboole ngakhale mwamasewera, imayaka moto.

Valani magolovesi, khalani panja, sendani chikopa cha batire ndi pulayala n'kusolola ndodo yapakati mosamala kuti isathyoke. Ufa wakuda woizungulira ndi manganese dioxide, yemwenso ndi wolandira ma elekitironi, kotero pa ndodo yopita m'matope usatsalepo. Tsukani ndodozo, zipaleni ndi sandipepa chifukwa zambiri zimakhala ndi phula, ndipo ngati mungathe ziwiritseni m'chitini chimene simudzaphikiramonso. Zotsala za batire zimangeni m'jumbo, zisatayidwe pamene ana kapena nkhuku zimafika. Ndodo 2 za pansi ndi 3 kapena 4 za pamwamba zikwanira botolo limodzi.

Ndodo yokha ndi yosalala, malo okhalapo tizilombo ndi ochepa. Makala amathandiza, koma si makala onse amene amadutsa magetsi. Ambiri ogula pa njinga anawotchedwa pa moto wosakwanira ndipo multimeter ikawakhudza siyankha. Tembenuzani mita pa ma ohm, gwirizitsani nsonga zake ziwiri pa khala, motalikirana ngati chala chimodzi. Likaonetsa ma ohm makumi angapo kapena mazana ochepa, ndi labwino. Amene amapambana kawirikawiri ndi makala amene anayaka mpaka kufiira psu m'mbaula kenako n'kuzimitsidwa. Aphwanyeni akhale ngati njere za chimanga, atsukeni phulusa lonse, muwathire m'kathumba ka anyezi pamodzi ndi ndodo, n'kumanga zolimba kuti zikhudzane. Neti yogonamo musaidule, ili ndi mankhwala komanso ili ndi ntchito yake.

Polumikiza waya ndi pamene ambiri amadzinamiza

Sendani waya, uzengeni zolimba kumutu kwa ndodo, ndipo polumikizapo ponse mupamate ndi epoxy mpaka kopa asaoneke ngakhale kadontho. Kachipewa kachitsulo ka kumutu kwa ndodo kamatidwenso. Dikirani ziume usiku wonse, kenako yezani ndi mita kuti kuchoka kumapeto kwa waya kufika pa ndodo magetsi akudutsa.

Ndikulimbikira pamenepa pa zifukwa ziwiri. Kopa amapha tizilombo. Chachiwiri n'chakuti chitsulo chilichonse chikakhudza matope onyowa chimayamba kudyeka, ndipo kudyekako kumatulutsa magetsi akeake. Ndinaonapo ana asukulu ina pa chionetsero cha sayansi atazika msomali wa malata ndi waya wa kopa m'kapu ya matope, mita ikuonetsa pafupifupi 0.8 V, anthu n'kumaomba m'manja kuti tizilombo tagwira ntchito. Munalibe ntchito ya kachilombo m'menemo. Inali batire wamba ya zinki ndi kopa, yofanana ndi ya mandimu ija, ndipo msomali ukatha nayonso imatha. Chizindikiro chake n'chosavuta: magetsi a chitsulo amabwera nthawi yomweyo n'kumatsika, pamene a tizilombo amayamba pansi n'kumakwera masiku akamapita.

Kukatenga matope

Pitani kudambo, kudimba kumene madzi saphwa, kapena m'mphepete mwa mtsinje pamene madzi amayenda pang'onopang'ono. Palani zapamwamba, mukumbe kuzama ngati chikhatho ndi theka, mutenge makande akuda kapena otuwa, ofewa ngati phala. Mchenga ulibe chakudya. Katondo wofiira musamuyese n'komwe, chifukwa dzimbiri lake ndi venda wapakhomo uja: tizilombo tidzatulira pa iye kwa milungu yambiri tisanaganize za ndodo yanu. Dimba limene angothiramo feteleza wa CAN nalonso lipeweni, nitrate wake adzachita chimodzimodzi.

Tengani ndi madzi a pamalo pomwepo. A pampopi ali ndi klorini, ndipo ngati palibe ena asiyeni m'ndowa yosavundikira tsiku lathunthu kapena masiku awiri. Za ukhondo sindichita nthabwala. Mtsinje wa Lilongwe podutsa m'tauni umalandira zonyansa zambiri, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 sitinamuiwale. Madzi odikha amakhalanso ndi likodzo. Valani magolovesi ndi majombo, musalowe m'madzi opanda nsapato, sambani ndi sopo mukamaliza, ndipo kwa ana asukulu ndi bwino matope a kudimba kusiyana ndi a m'ngalande za m'tauni.

Kumanga

Chotsani miyala, mizu ndi nyongolotsi. Nyongolotsi imodzi ikatsala imakumba njira zolowetsa mpweya mpaka pansi. Kandani matope ndi madzi pang'ono akhale ngati nsima yofewa. Ngati akuoneka osauka, sakanizanimo dzanja limodzi la ndowe yakale kapena manyowa owola bwino.

Thirani matope masentimita 2 pansi pa botolo. Gonekanipo kathumba ka makala ndi ndodo kamene kali ndi waya wakuda. Imeneyi ndiyo anode. Ikwirireni ndi matope ena masentimita 6 mpaka 8, mukutsindira ndi kugogoda botolo pansi kuti thovu lonse la mpweya lituluke. Waya adutse m'mbali mwa botolo, ndipo pamene watulukira pamatidwe ndi matope kuti pasakhale mpata.

Thirani madzi pang'onopang'ono, potsetsereka pa supuni kuti asavundule, afike masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa matope. Tsopano cathode, ndodo za pamwamba zija, ya waya wofiira. Iyi ikhale yaikulu kuposa ya pansi, ndipo malo ake ndi pamalire a madzi ndi mpweya: theka lonyowa, theka lili panja. Mukhoza kuipachika pa kamtengo kopingasa kukamwa kwa botolo. Isamire, isakwiririke m'matope, isakhudzane ndi waya wa pansi. Pamwamba vundikirani ndi kansalu kopyapyala koletsa udzudzu kuikira mazira, osati chivundikiro chotseka mpweya.

Chifukwa chokulitsira cathode ndi chakuti okosijeni, ngakhale amalipira bwino, ndi waulesi polandira. Pa kaboni wamba amalandira ma elekitironi mochedwa kwambiri, ndipo m'malabu amapakapo platinum kuti afulumire. Ife platinum tilibe, ndiye timangomupatsa malo aakulu. Pamenepo ma elekitironi obwera pa waya amakumana ndi okosijeni ndi ma proton (tizidutswa ta haidrojeni) amene akwera kudzera m'matope, n'kupanga madzi.

Kudikira ndi kuyeza

Ikani mita pa 2000m mbali ya DC. Nsonga yofiira pa waya wa pamwamba, yakuda pa waya wa pansi. Tsiku loyamba mukhoza kuona nambala yaing'ono, mwinanso yokhala ndi chizindikiro chochotsera. Musadandaule. Lembani m'kope tsiku, nthawi ndi nambala, ndipo muzichita zimenezi tsiku lililonse nthawi imodzimodzi.

Pakapita masiku awiri kapena atatu lumikizani resistor pakati pa mawaya awiriwo n'kuisiya pomwepo. Nambala idzagwa, ndipo n'zoyenera. Popanda njira yotulukira ma elekitironi ndodo imadzaza, tizilombo n'kusiya kuifuna. Resistor ndiyo imatsegula msewu, ndipo mudzi wa Geobacter umakula pa anode chifukwa cha iyo. Perekani mlungu umodzi kapena iwiri. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye zimachedwa, kotero botolo likhale m'nyumba pofunda. Mu Okutobala zimafulumira koma madzi amauma msanga, muziwonjezera. Padzuwa musaliike, ndere zimamera.

Ngati mukufuna umboni woti ndi tizilombo, mangani botolo lachiwiri lofanana ndendende koma matope ake muwawiritse kaye kwa theka la ola. Lidzatsalira kutali m'masiku oyambawo.

Masamu ake ndi awa. Tinene kuti mita ikuonetsa 0.4 V resistor ili pomwepo. Gawani ndi 1,000, mupeza 0.4 mA. Chulukitsani ndi 0.4 V, mupeza 0.16 mW. Batire ya foni ya 4,000 mAh imasunga pafupifupi 15 Wh. Kuti botolo limeneli liidzaze pafunika maola oposa 90,000, zomwe ndi zaka zoposa 10. Ndiye mukamva wina akulonjeza kuti ndowa ya matope iunikira nyumba, mufunseni nambala ya pa mita resistor ili yolumikiza, osati ya mawaya olekana.

Nambala ikayamba kutsika

Yambani ndi pamwamba. Kodi cathode yamira, yauma, kapena yakutidwa ndi zoterera? Itsukeni ndi madzi a kudambo omwewo n'kuibwezera pamalire. Kupeperera madzi kapena kuwavundula pang'ono pamwamba kukakweza nambala nthawi yomweyo, vuto ndi kuchepa kwa okosijeni kumeneko. Kenako onani matope. Akang'ambika kapena kulekana ndi khoma la botolo, okosijeni watsikira kwa tizilombo ndipo tizilomboto sitikuufunanso waya. Matani ming'aluyo.

Zonsezi zikakhala bwino, ndi njala. Sakanizani supuni yaing'ono imodzi ya vinega m'kapu ya madzi, ponyanimo soda pang'ono mpaka thovu lileke, mutenge pang'ono ndi sirinji yopanda singano yolumikiza ku kapaipi, n'kulowetsa pansi pafupi ndi anode. Bowolo litsekeni. Chakudya chikatayikira m'madzi a pamwamba tizilombo tina timamera pa cathode n'kumaliza okosijeni yense. Shuga ndi madeya zimagwiranso ntchito koma dzanja likalemera matope amasasa ngati thobwa logona, ndipo asidiyo amafooketsa Geobacter.

Kuyesa olandira ena ndi mphika wadothi

Apa ndi pamene phunziro limakoma. Pezani kamphika kadothi kosapaka utoto kapena chonyezimiritsa chilichonse. Dothi lowotcha limalola ma ion, tinthu tonyamula magetsi tosungunuka m'madzi, kudutsa koma limaletsa madzi a mbali ziwiri kusakanikirana msanga. Si nzeru yongopeka pakhomo: gulu la katswiri Ioannis Ieropoulos la ku Bristol ku England linagwiritsa ntchito timachubu tadothi lowotcha m'mabatire ake oyendera mkodzo, amene anawayesa pa chikondwerero cha Glastonbury mu 2015 ndipo mu 2017 anaunikira zimbudzi pa sukulu ya atsikana ku Kisoro m'dziko la Uganda.

Dzazani kamphikako ndi matope ndi anode, mutseke kukamwa ndi pulasitiki womanga ndi mphira, waya yekha atuluke. Kaimikeni m'beseni, thirani madzi m'besenimo osafika kukamwa kwa mphika, muikemo cathode. Mphika ukakhazikika pakatha milungu iwiri, muli ndi chipangizo chimene mungasinthe wolandira osakhudza tizilombo.

Yambani ndi madzi odikha, cathode itamira yonse. Lembani nambala. Kenako ikwezeni pamalire a mpweya, mulembenso. Kachitatu sungunulani timibulu tochepa ta potassium permanganate, mankhwala a pepo aja opezeka ku famase, mpaka madzi aoneke ngati juwisi wosungunula kwambiri. Nambala idzalumpha, chifukwa permanganate amakoka ma elekitironi mwamphamvu ndiponso mwachangu kuposa okosijeni pa kaboni. Musasangalale msanga. Pakapita nthawi mtundu wa pepo umazilala, pansi ndi pa cathode pamatsala zabulauni, zomwe ndi manganese dioxide, ndipo nambala imabwerera pansi. Wolandirayo watha, mukagulenso wina. Amaphanso tizilombo akalowerera m'mphika, kotero kuyesaku kukhale kwa maola ochepa, kenako tsukani beseni. Amadetsa manja ndi zovala, ndipo m'maso asafikemo.

M'malabu amakonda potassium ferricyanide, wa +0.36 V. Papepala ali pansi pa okosijeni, koma amalandira mosavuta pa kaboni wamba, kotero nambala zake zimaoneka zokongola m'malipoti. Nayenso amatha, ndipo akakumana ndi asidi wamphamvu amatulutsa mpweya wa cyanide. Kunyumba ndi kusukulu yopanda labu yeniyeni musamubweretse. Kwa ine mpikisanowu okosijeni ndiye amapambana ngakhale ndi waulesi, pa chifukwa chimodzi chokha: sagulidwa ndipo satha.

Nitrate muyeseni mwa njira ina. Tengani botolo limodzi limene likuyenda bwino, sungunulani timibulu tingapo ta CAN, mulowetse pansi pafupi ndi anode ndi sirinji ija. Yureya sangachite, mulibe nitrate. Yang'anirani mita kwa tsiku limodzi kapena awiri. Nambala idzagwa ngakhale chakudya chilipo chambiri, ndipo idzayamba kubwerera nitrate akatha. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake safunikanso kuloweza tanthauzo la wolandira.

Kuyatsa kanthu

LED yofiira, kababu kakang'ono konga ka pa wailesi, imafuna pafupifupi 1.8 V, ndiye botolo limodzi silingathe. Mangani mabotolo 5, lililonse palokha ndi matope ake. Ma anode awiri m'ndowa imodzi sawonjezerana mphamvu yokankha. Lililonse likule ndi resistor yake kwa milungu iwiri, kenako chotsani ma resistor n'kulumikiza waya wofiira wa loyamba ku wakuda wa lachiwiri, chimodzimodzi mpaka lomaliza. Mawaya awiri otsala kumapeto apite ku capacitor (kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi) ya 1,000 µF kapena yoposerapo yochokera m'wailesi yakufa, mwendo wa kumbali ya mzere wochotsera ku waya wakuda. Dikirani mita ipitirire 2 V, mugwirizitse LED, mwendo wautali ku wofiira. Idzaphethira kamodzi, mudikire, iphethirenso. Kuti muione bwino tsekani makatani. Wotchi yaing'ono ya manambala kapena kakyuleta ya batire imodzi ya 1.5 V imadya magetsi ochepa kwambiri, ndipo mabotolo 3 kapena 4 abwino amatha kuiyendetsa.

Kamodzi pa mlungu yezani botolo lililonse palokha zili zolumikizana. Mukapeza lina likuonetsa chizindikiro chochotsera, ndiye kuti lafooka ndipo anzake akulikankha chobwerera, likudya mphamvu m'malo mopereka. Lichotseni pamzere, lipatseni vinega uja, libwezereni resistor yake, ndipo lidikire masiku angapo lisanabwerere pakati pa anzake.